Wolowa m'malo mwa Lenia

"Mukamuitananso kuti Lenia, ndiyankha ndine, ndipo zomwe ndiyankhezo simuzikonda," anatero Tamiwe ataima pakhomo la pabalaza, yunifolomu ikadali m'thupi, nsapato zili mbuu ndi fumbi la m'komboni ya Nabvutika. "Lenia tinamuika m'manda. Uyu ndi Jesca."

Atate ake, a Gerson Daka, anatsitsa nyuzipepala pang'onopang'ono ndi kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anali ataphunzitsa zaka makumi atatu, khumi ndi ziwiri mwa izo ali ahedi, ndipo ngakhale anapuma pantchito, aliyense m'nyumbamo ankamuonabe ngati mwana wa giredi wanu amene wachedwa kufola. Jesca, wa zaka khumi ndi zinayi, anali atagwada pafupi ndi mpando wawo ndi kapu ya madzi imene anamutuma.

"Ukulankhula ndi ndani iwe?"

"Ndi inu, atate."

"Ndiye gwada. Mwana wamkazi salankhula ndi atate ake ali chiimire ngati wapolisi."

Maondo a Tamiwe anagwada koma pakamwa pake panakana.

"Tsiku lometa maliro munati mukungomupatsa dzina kuti la malemu lisazimirike pamtundu. Munamufunditsa chitenje cha Lenia, tonse tinalira, ine ndinayesa nkhani yathera pomwepo. Lero ndikumva kwa amayi ogulitsa tomato kuti alamu a Edmund akupaka laimu nyumba ku Chiparamba, akudikira mkazi. Mkazi wake uti, atate?"

"Palibe amene wanena za mkazi. Akupita kukalera ana a mkulu wake. Ana atatu, wotsirizayo ali ndi milungu inayi ndipo bere la amake sanalilaweko. Ukufuna aleredwe ndi mbuzi?"

"Akalere ana m'nyumba ya mwamuna amene mkazi wake wamwalira, atasenza dzina la mkaziyo. Inu munaphunzitsa theka la Chipata kuwerenga. Ndiwerengereniko, zimenezi zimatchedwa chiyani?"

"Zimatchedwa mwambo."

"Mayeso a giredi seveni atsala milungu iwiri. Chiyambire giredi faifi Jesca sanatsikepo pa nambala wanu. Madamu ake akuti akhoza kusankhidwa kusukulu yogonera konko."

"Ndiye alembe mayeso a chiyani poti giredi eiti sakaiponda? Kumeneko ndi kutha mapensulo." A Daka anapinda nyuzipepala ija bwinobwino. "Tamvera, Tamiwe. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ndinakulekerera uzichita masewero ako pamsika wa Kapata, kunyoza makolo a eni ake kuti akukwatitsa ana. Ndinati nchibwana, chidzatha. Tsopano sewerolo walibweretsa pabalaza panga."

Masewero amene ankanenawo tonse a m'Nabvutika tinkawadziwa. Tamiwe, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anali giredi thwelofu, ndipo ndiye anayambitsa kalabu ya atsikana imene Loweruka lililonse inkayala bwalo pamsika kapena m'midzi yapafupi, kuuza anthu kuti mwana wamkazi naye mutu wake umagwira. Atsikana anayi anali atabwerera kusukulu chifukwa cha pakamwa pake pomwepo. Tsiku lina alendo a kuboma atabwera kudzaonera, a Daka anakhala pampando wakutsogolo atavala suti, akuomba m'manja ndi kuuza aliyense kuti mwana uyo ndi wawo. Kuomba m'manja nkosavuta pamene ana okambidwawo ali a eni ake.

"Chibale ndi fupa, sichiola," anapitiriza a Daka. "Lenia wapita, koma chibale chathu ndi a Sakala sichinapite naye. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi, dzina linatchulidwa. Ine sindimeza malovu amene ndalavula."

"Jesca munamufunsa?"

"Lenia, pita ukathandize amako," anatero a Daka osayang'ana mwanayo. Jesca anaika kapu pansi natuluka chogwadira, ndipo nkhani inathera pomwepo tsiku limenelo.

M'mawa mwake Tamiwe anapeza amake, a Dainess, akuchapa zovala kuseri kwa nyumba. Anagwira mbali ina ya bulangete kuti afinye limodzi.

"Amama, inu mwangokhala chete."

"Ukufuna ndinene chiyani? Ndaika mwana wanga woyamba, misozi sinaume, iwe ukufuna ndiyambe kulimbana ndi atate ako?"

"Mukufuna kuikanso wachitatu akadali moyo."

"Iwe sunabale, sungadziwe. Edmund ali ndi chigayo, ali ndi vaneti. Mwamuna wotere chaka sichitha asanakwatire. Akakwatira mlendo, adzukulu anga azidzanyambita mbale za ana a mkaziyo." A Dainess anasiya bulangete natambasula dzanja lawo lamanzere pamene panali chipsera chachitali. "Ukuona apa? Anandiotcha ndi chikuni mkazi wa atate anga, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa cha nsinjiro zodzaza supuni imodzi. Zoti mwana wa mnzako ngwako yemwe amangonena pakamwa."

"Ndiye anawo abwere kuno, tiwalere tonse."

"Unaona kuti ana a Angoni akuchoka pakhomo pa atate awo? Ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola la kwathu kalekale. Ana ndi a kwa Sakala."

"Nanga bwanji sanatchule ine? Wamkulu amene watsala ndine."

A Dainess anamuyang'ana, kenako anaseka kuseka kouma. "Anakutchula, mwanawe. Azakhali ako anayamba kutchula iwe. Edmund anakana pamaso pa anthu. Anati wailesi ali nayo kale m'nyumba, safuna ina. Akufuna wanthete, woti akamuumbe yekha."

Tamiwe anaponya bulangete m'beseni. Anasiya kuchapa napita kukafuna Jesca, ndipo anamupeza atabisala kuseri kwa bafa ndi kope la sayansi.

"Asisi," anatero Jesca monong'ona, "azakhali akuti munthu amene wakana dzina la wakufa amapenga misala. Ndi zoona? Ndikakana, Lenia akwiya?"

"Lenia ndi amene ankakugulira makope, wayiwala? Akakwiya, akwiyira ena, osati iwe."

"Ine alamu ndimawaopa. Paukwati wa Lenia anandinyamula paphewa, ndili kamwana. Tsopano akandiona akumandiyang'ana mwina."

"Iweyo ukufuna chiyani? Usanene zondikondweretsa."

"Ndikufuna kulemba, asisi. Ndikufuna ndikaone kusekondale."

"Ndiye ulemba."

Sabata imeneyo Tamiwe anayenda maofesi. Mnzanu akamakuuzani kuti boma ndi makolo, mumufunse ngati anakhalapo pabenchi ya muofesi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pa ofesi yoyamba anamuuza kuti abwana apita kumsonkhano ku Lusaka. Pa yachiwiri bambo wina wa tayi anamumvetsera bwinobwino, nalemba zonse papepala, mpaka atafunsa dzina la kholo. Atamva kuti ndi a Daka anatseka bolopeni.

"A Daka anandiphunzitsa ine. Si munthu woti angachite zaumbuli. Izi ndi za m'banja, mwanawe, kakambiraneni kunyumba."

Tamiwe anaona kuti mutu umodzi susenza denga. Lachinayi masana, m'malo mopita kukawerenga, analowa m'tchalitchi momwe amayi a mpingo ankasonkhana, onse ali m'mabulauzi oyera. Amake anali pabenchi yachiwiri. Nyimbo itatha, Tamiwe anapita kutsogolo, nagwada, napempha kuti alankhule.

"Amayi anga, ndabwera kudzalira kwa inu. Mng'ono wanga Jesca mukumudziwa, amaimba kwaya ya ana. Akumuchotsa sukulu kuti akakhale mkazi wa alamu ake, bambo wa zaka makumi anayi. Inu ndinu amene mumatilangiza tikakula. Kodi mwana wa zaka khumi ndi zinayi mungamulangize zotani za m'nyumba ya mwamuna? Lenia wafa ndi uchembere ali ndi thupi la munthu wamkulu. Nanga uyu?"

Ena anawerama, ena anayang'ana a Dainess. Mayi wina kumbuyo anapukuta misozi ndi mpango. Kenako amayi otsogolera anakonza kukhosi.

"Mwanawe, takumva. Koma nyumba ya mwini saotcheramo mbewa. Atate ako ndi mkulu wa mpingo, amadziwa chimene akuchita. Ndiponso si mitala iyi, mkazi anamwalira."

"Ndiye akakhala mwana wanu, amama, mudzanenanso chomwecho? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Wayamba mwano tsopano. Tuluka, tikufuna kupemphera."

A Dainess ndi amene anayamba kutuluka, nkhope ataphimba ndi chitenje. Nkhani inafika kunyumba Tamiwe asanafike, pakuti m'Nabvutika nkhani sifuna minibasi. Anapeza atate ake atatsekera yunifolomu ndi mabuku a Jesca m'thiranki.

"Wandivula pamaso pa mpingo," anatero a Daka mosakweza mawu. "Ndinati mwanayu apite Khirisimasi ikadutsa, amako ayambe amuzoloweretsa. Tsopano poti anthu ayamba kuloza pakhomo panga, ndatumiza mawu kwa Edmund. Abwere Loweruka la sabata yamawa. Umuuze mng'ono wako kuti wamufulumizitsa ndiwe."

Loweruka limenelo linali loti Lolemba lake mayeso ayamba. Tamiwe anamva ngati wamubaya yekha mng'ono wake, ndipo masiku awiri sanathe kudya. Koma sanali munthu wolira nthawi yaitali. Anakakambirana ndi Madamu Esnat, mphunzitsi wa kalasi ya Jesca, mayi wamasiye amene ankakhala yekha ku Kapata. Lachisanu masana, a Dainess atatuma Jesca kukatunga madzi kumpopi, ndowa inabwera ndi mwana wa aneba. Jesca sanabwere.

Loweruka m'mawa vaneti yoyera inaima pakhomo. Edmund Sakala anatsika atavula chipewa. Anali bambo wonenepa, wolankhula mofatsa, wodziwa kugwada popereka moni kwa apongozi, mtundu wa mkamwini amene makolo amanyadira. Anamupatsa mpando, anamupatsa thobwa, koma chimene anadzera panalibe.

A Daka anamuitanira Tamiwe kuchipinda natseka chitseko. Anatenga chidutswa cha paipi yothirira maluwa.

"Ali kuti?"

"Sindinena, atate."

Ife aneba tinkamva paipi ija ikulira, ndipo tinkamvanso funso lomwelo likubwerezedwa. Mawu a Tamiwe sitinawamve. Tinaima m'mipanda mwathu, ena atagwira pakamwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakagogoda pachitsekopo. Ndikunena izi ndi manyazi, chifukwa nane ndinali pompo.

Dzanja litatopa, a Daka anatuluka ali wefuwefu nakhala pansi moyang'anizana ndi mkamwini wawo. Edmund anati mwina ayende ndi vaneti m'makomboni, afunse kwa anzake a mwanayo. A Daka anapukuta magalasi, ndipo pankhope pawo panabwera kamwemwe.

"Musaononge dizilo, bambo. Ine ndayendetsa mayeso a giredi seveni zaka khumi ndi ziwiri. Mwana salembera pamene wafuna. Amalembera pasukulu pamene analembetsa, pa desiki ya nambala yake. Kaya amubise kumwamba, Lolemba eiti koloko adzadzibweretsa yekha pageti. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Tamiwe anamva mawu amenewa ali chigonere pasimenti kuchipinda. Anali ataganiza za pobisala, za yunifolomu yobwereka, za mapensulo ndi rula. Za geti sanaziganize, ndipo sukulu ija inali ndi geti imodzi, mpanda wonse uli wa waya waminga.

Lamulungu anayenda chotsimphina nyumba ndi nyumba, kuitana atsikana a kalabu yake. Ena makolo awo anawaletsa, poti mbiri ya paipi inali itawanda. Lolemba m'mawa anabwera khumi ndi asanu ndi atatu. Anakamutenga Jesca kwa madamu ake ku Kapata, namuika pakati, nagwirana mikono, Madamu Esnat ali pambuyo, Tamiwe ali patsogolo ndi diso lotupa.

Vaneti inali itaima chopingasa pageti. A Daka anali pambali pake atavala suti yomwe ija ya masiku akuluakulu. Ana ena a mayeso ankadutsa m'mbali mmodzimmodzi, akucheuka. Ahedi a pasukulupo anaima mkati mwa geti akupotokola manja.

"Ahedi," anaitana Madamu Esnat, "mwana wanu wa mayeso uyu. Mulowetseni."

"Madamu, akalowa mkati muno ndi wanga," anayankha ahediwo osayang'ana a Daka, amene anawaphunzitsa ntchito. "Kunja kwa geti ndi kwa makolo."

"Lenia, tuluka m'menemo," anatero a Daka.

Atsikana anafinyikirana. Edmund anaika chipewa pa boneti, nalowa pakati pawo ngati munthu wolowa m'khola la nkhuku. Kufatsa kuja kunali kutatsala kunyumba. Anakankha awiri nagwera m'fumbi, wina anamuponda phazi, ndipo anamugwira Jesca pamkono. Atsikana anagwira mkono winawo. Anamukoka mwanayo uku ndi uku mpaka dzanja la yunifolomu yobwereka linang'ambika, iye akungoti, "Asisi, asisi." Mapensulo anamwazika pansi.

Anthu anali atayamba kudzaza: amayi a zitumbuwa, anyamata a njinga zonyamula makala, makolo operekeza ana. Ankang'ung'udza, koma kung'ung'udza sikumasula mkono wa munthu. Belu loyamba linalira.

Tamiwe anayang'ana geti, nayang'ana anthu aja, ndipo anadziwa kuti palibe amene abwere. Anapita kukaima pamaso pa Edmund.

"Alamu, mukuti mukufuna wolera ana. Ine manja ndili nawo awiri ngati iye, ndipo anga ndi okhwima. Msiyeni alowe. Ndikwera ndine."

"Tamiwe," anatero Madamu Esnat, "pepala lako la bayoloje ndi masana ano."

"Ndikudziwa, madamu."

"Zaka khumi ndi ziwiri, mwanawe. Watsala milungu itatu kuti umalize."

"Ine ndawerengako, madamu, zili m'mutumu sangazichotse. Uyu sanayambe nkomwe."

Edmund anayang'ana apongozi ake. A Daka anayang'ana khamu lija, limene tsopano linali litatseka msewu, ndipo ena mwa anthuwo anali a mpingo wawo. Anagwedeza mutu pang'ono. Edmund anamasula dzanja.

"Ayi, atate, kugwedeza mutu sikumveka," anatero Tamiwe. "Nenani anthu amve."

"Ndavomera."

"Mwavomera chiyani?"

A Daka anameza malovu. "Jesca sapita ku Chiparamba. Apitiriza sukulu."

"Mwamva nonse," anatero Tamiwe kwa anthu aja. Anatola mapensulo awiri m'fumbi, nawapukuta pa siketi yake, nawaika m'manja mwa mng'ono wake. "Pita. Uyambe kuwerenga funso kawiri usanayankhe. Usacheuke."

Jesca analowa akulira belu lachiwiri likulira. Tamiwe anakwera kumbuyo kwa vaneti yekha, popanda womukankha, atavala yunifolomu ya giredi thwelofu. Atsikana a kalabu anaithamangira vanetiyo mpaka pamphambano. Amayi ena ankati mwana uyu ndi mwamuna, ena ankati wapenga, kenako aliyense anabwerera ku zitumbuwa zake.

Ku Chiparamba anamulandira amake a Edmund, mayi wamtali wouma thupi amene ankasunga khanda chimwalirire Lenia. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu si amene tinagwirizana."

"Tikamba, amama," anayankha Edmund.

Anamuvula yunifolomu namupatsa madiresi a Lenia a m'sutikesi, akununkhabe sopo wa malemu. Chipinda cha ana sanamuonetse. Za m'nyumba imeneyo masiku anayi otsatira sindizilemba, mtima wanga sungathe. Ndingonena kuti Lachiwiri m'mawa Edmund anayamba kumuitana kuti "amai", ndipo Tamiwe anasiya kuyang'ana anthu kumaso.

Chomwe chinkamugwira kuti asagwe chinali dzuwa. Likakwera pang'ono, iye ali ndi khanda kumbuyo akusesa pabwalo, ankati mumtima, tsopano akulemba Chizungu. Likafika pamutu, akuchapa matewera pachitsime, ankati tsopano atolera mapepala. Lachitatu anadziwa kuti ndi masamu, ndipo anadzipeza akunong'ona matebulo ochulukitsa ngati kuti mng'ono wake amumva. Ana awiri aakulu a Lenia anamuzolowera msanga. Khanda lokha ndilo linkalira kosalekeza, chifukwa mkaka wa m'chitini sunkaliyanja.

Lachisanu Edmund analawirira kutauni, akuti kukagula lamba wa chigayo. Tamiwe anatsala akuwerenga maola. Dzuwa litapendeka anapuma mpweya waukulu kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo. Pepala lotsiriza linali litatha. Anakhala pakhonde ndi khanda pamiyendo, ndipo mumtima mwake munali kachimwemwe kowawa, koti zimene anataya sizinapite pachabe.

Vaneti inatulukira pamsewu wa fumbi cha m'ma folo koloko. Kutsogolo kunali anthu awiri. Kumbuyo kunali thiranki, mphasa yokulunga, ndi mwana atakhala pa thirankipo atagwira chitsulo.

Tamiwe anaimirira osadziwa kuti waimirira. Amake a Edmund anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nayamba kululutira.

"Atate," anatero Tamiwe a Daka atatsika, "Jesca akudzatani kuno?"

"Wabwera kwawo."

"Munanena pamaso pa anthu. Munanena ndi pakamwa panu kuti sabwera kuno."

"Ndinanena kuti msewu utseguke. Unkafuna ndizikangana ndi mwana wanga pamaso pa ogulitsa makala?"

"Si inu munati simumeza malovu amene mwalavula?"

"Malovu anga ndinalavula tsiku lometa, pamaso pa akuluakulu. Za pageti zinali zako."

Amake a Edmund analanda khanda m'manja mwa Tamiwe. "Iwe mwana, sukulu yakuphunzitsa zambiri koma izi sinakuphunzitse. Dzina la wakufa sasinthanitsa pamsewu ngati malaya. Amene anafunda chitenje cha malemu ndi uyu, anthu onse akuona. Ukuyesa khandali likuliriranji masiku onsewa? Likudziwa kuti amake sanafike."

"Likulira mkaka, amama. Likufuna kuchipatala."

"Wayamba wailesi ija," anatero Edmund akumasula zingwe za thiranki, ndipo anaseka yekha.

Tamiwe anagwira dzanja la Jesca. "Ndiye ngati ine si amene mumafuna, tikupita tonse. Tiyenda wapansi."

"Upite kuti?" anafunsa a Daka. "Chipata yense anakuona ukukwera galimoto ya mwamuna wekha, palibe amene anakukankha. Wagona m'nyumba mwake masiku anayi. Pakhomo panga ubwererepo ngati ndani? Kusukulu dzina lako alidula, mapepala atatu sunalembe. Madzi akatayika saoleka."

"Ndinu mkulu wa mpingo, atate. Ana anu awiri m'nyumba ya mwamuna mmodzi. Mukanena chiyani Lamulungu?"

"Kumpingo mkazi ndiwe, ndiwe wamsinkhu, ndipo wakhala ukuuza dziko lonse kuti ana asamakwatiwe. Uyu akulera ana a mkulu wake. Kuno kumudzi akudziwa okha amene ali ndi dzina." Anakonza tayi. "Wandithandiza, Tamiwe. Pakanapanda iwe, anthu akanandinena."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa paipi ija. Anayang'ana njira ya kutauni, makilomita ambirimbiri a fumbi, nayang'ana amuna awiri a pachigayo amene anali atabwera kudzaima pafupi ndi mpanda, manja ali m'matumba.

"Mulungu akuonani, atate."

"Andiona ndikusunga adzukulu anga." A Daka anakwera kutsogolo kwa vaneti. "Bambo Sakala, ndiperekezeni ndikapeze minibasi kusanade."

Vaneti inapita. Amake a Edmund analowa ndi khanda m'nyumba, atauza amuna aja kuti alowetse thiranki. Pabwalo panatsala awiriwo. Tamiwe anakhala pansi m'fumbi momwemo, mu diresi ya Lenia, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhani yonseyi analira mokweza, osabisa nkhope. Jesca anagwada pambali pake namupukuta ndi m'mphepete mwa chitenje.

"Anandidikira pageti, asisi, nditangotuluka. Madamu anali mkati akusonkhanitsa mapepala."

"Ndikhululukire, Jesca."

"Koma ndalemba onse. Sindinasiye funso ndi limodzi lomwe. Masamu aja munandionetsa anabwera, awiri."

"Wachita bwino."

"Zotsatira zikatuluka mu Januwale, adzatiuza ndani kuno?"

Tamiwe anapukuta mphuno. "Ndidzapita kukaziona ndekha. Ngakhale andimange, ndidzapita."

Jesca anayang'ana chitseko cha nyumba ija momwe thiranki yake inali italowa kale.

"Nanga ndikapezeka kuti ndakhoza, asisi?"